Batire latupa, walanti yatha: ngoziyi mwini wake ndani?

Laputopu ikayamba kugwedera pa tebulo losalala, chivundikiro chikamakana kutsekeka, kapena touchpad ikatukuka mpaka chala kumakodwa m'mphepete, eni ake ambiri amaganiza kuti inagwa kapena mwana anaikhalira. Kawirikawiri vuto limakhala lina. M'kati mwake batire latupa ngati chitumbuwa m'mafuta, ndipo likukankha chilichonse chimene chili pamwamba pake. M'nyumba za lendi za ku Kaunda Square Stage One ndi Stage Two, momwe mumagona ophunzira a ku UNZA ndi a ku Levy Mwanawasa, ndi m'timashopu totaipa makalata pafupi ndi msika, makina otere alipo ndipo akugwirabe ntchito. Wina anazenga laputopu yake ndi tepi. Wina amaisanjikiza mabuku usiku kuti iwongoke. Mukafunsa, amayankha mwa Chinyanja cha mu Lusaka: "Ikali kusebenza, amdala. Walanti inasila kudala."

Kodi tsiku lomwe walanti yatha, ngozi nayo imatha? Walanti ndi pangano la ndalama, lonena amene adzalipire chinthu chikawonongeka. Silinena kanthu za amene adzapse.

Batire la malaputopu opyapyala a masiku ano ndi la lithium, ndipo limakutidwa m'kathumba kofewa ka aluminiyamu. M'kathumbamo muli timapepala tambiri tosanjikizana, tonyowetsedwa ndi madzi a mankhwala omwe amayaka. Madziwo akayamba kuwonongeka chifukwa cha ukalamba, kutentha, kapena kukhala batire lili lodzaza moto kwa miyezi, amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ulibe potulukira. Kutupa kuja ndi kumeneko. Pakati pa mbali ziwiri za batire pali kapepala kopyapyala kwambiri kozilekanitsa. Kakabooka ndi sikuludilaiva, kapena kakang'ambika poti mwalipsinja, mbali ziwirizo zimakhudzana, kutentha kumadzibala kokha, ndipo m'kanthawi kochepa pamabuka moto wovuta kuzimitsa ndi utsi wapoizoni. Batire lotupa silifota. Palibe pulogalamu, palibe firiji, palibe buku lolemera limene lingalibwezere mwakale. Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chimayimba, milungu ingapo moto usanabuke. Nanga bwanji tonse tikuchita ngati sitikumva?

Tisafulumire kunena kuti eni malaputopu ndi osasamala. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo chaka chisanathe madera ambiri a Lusaka ankakhala mpaka maola 21 pa tsiku opanda magetsi a ZESCO. Taganizirani moyo wa batire m'miyezi imeneyo. Masana limafinyidwa mpaka kuzimiratu. Malaiti akabwera pakati pa usiku, laputopu imalumikizidwa mwamsanga, n'kusiyidwa pa matilesi pomwe timabowo ta mphepo tatsekeka, m'chipinda cha malata chimene chasunga kutentha konse kwa Okutobala. Tsiku lina imatchajidwa pa jenereta ya kwa ometa tsitsi, ndi tchaja yogula pa mtengo wotsika yomwe palibe akudziwa kumene inapangidwa. Batire la lithium limadana ndi kutentha ndiponso kutheratu moto, ndipo zonse ziwiri tinalipatsa tsiku ndi tsiku.

Ku maiko kumene magetsi sathima, malangizo ndi apafupi: chotsani batire lotupalo, muzigwiritsa ntchito laputopu ili yolumikiza pa khoma mpaka mutapeza lina. Malaputopu ambiri amalola zimenezi. Koma kodi malangizo amenewa amuthandiza chiyani mtsikana wa ku Chelstone amene ayenera kupereka asainimenti mawa, magetsi atathima kuyambira m'mawa? Kwa iye laputopu yopanda batire ndi yakufa. Ndiye amasankha kupitiriza ndi lotupalo, ndipo amagona nalo chipinda chimodzi pamodzi ndi anzake atatu. Kumeneku n'kusowa pogwira, ndipo amene amamugulitsa makinawo amakudziwa bwino.

Tipite tsono m'tauni, ku Cairo Road, ku Cha Cha Cha Road, ku Town Centre ndi ku Kamwala, kumene ambiri a ife timagula. Malaputopu ochuluka kumeneko ndi amene amalonda amawatcha ex-UK, makina omwe anagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja, ambiri atangolumikizidwa pa magetsi chaka ndi chaka. Kunja kwake n'kowala, koma batire lake lakalamba kale lisanakwere sitima. Walanti ya m'shopu imakhala yaifupi, yolembedwa ndi bolopeni pa lisiti, ndipo si zachilendo kumva kuti batire ndi tchaja sizili m'gulu la zotetezedwa. Ngakhale makampani opanga makina atsopano, ambiri amateteza batire kwa chaka chimodzi chokha, poti amaliona ngati chinthu chotha.

Chabwino, batire limatha. Koma kodi wogulitsa sadziwa msinkhu wake? Pa laputopu ya Windows, munthu akalemba powercfg /batteryreport, makinawo amatulutsa lipoti losonyeza moto umene batire linkasunga lili latsopano ndi umene likusunga lero. Ntchito yake sifika mphindi ziwiri. Wogulitsa aliyense wodziwa kuika Windows amaidziwa njira imeneyi. Nanga n'chifukwa chiyani manambala awiriwo salembedwa pa lisiti? Akuopa chiyani? Wogula akaona kuti batire latsala ndi theka la mphamvu zake angapemphe kuti mtengo utsike, inde, koma kodi si chilungamo chimenecho?

Lamulo lilipo. Competition and Consumer Protection Act ya 2010, mu gawo 48, imaletsa mwini shopu kupachika chikwangwani chokana udindo wake kapena cholanda wogula ufulu, monga zija zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera ntchito imene wagulidwira. Bungwe la CCPC ndi limene limalandira madandaulo otere. Tinene mosabisa kuti lamuloli silikulonjezani batire laulere patatha zaka zitatu. Koma munthu amene wagula laputopu n'kupeza batire latupa patangopita masabata ochepa, kapena amene wagulitsidwa batire lachinyengo pa mtengo wa lenileni, ali ndi mlandu womveka. Ndi angati ku Kaunda Square amene akudziwa zimenezi? Ndi angati amene anasunga lisiti? Ndipo CCPC, imene imayendera mashopu kufufuza zakudya zotha nthawi, idzayamba liti kufunsa ogulitsa makompyuta zimene amauza makasitomala awo za mabatire?

Pali nkhani ina imene ogula athu sauzidwa. Makampani akuluakulu akapeza kuti mabatire awo ali ndi vuto lochokera ku fakitale, amawaitanitsa n'kuwasintha kwaulere, walanti ilipo kapena yatha. Mu 2006 Dell inaitanitsa mabatire 4.1 miliyoni opangidwa ndi Sony chifukwa ena ankagwira moto. HP inachita chimodzimodzi mu Januwale 2018, n'kuwonjezera ena chaka chotsatira. Apple mu 2018 inayamba kusintha kwaulere mabatire otupa a MacBook Pro ena a mainchesi 13, ndipo mu Juni 2019 inaitanitsa a mainchesi 15 omwe anagulitsidwa pakati pa Seputembala 2015 ndi Febuluwale 2017. Taonani zaka zimenezo. Makina a msinkhu umenewo ndi amene amathera m'mashelefu athu. Kalata yochenjeza inapita kwa mwini woyamba ku Manchester kapena ku Leeds. Mwini wachitatu ku Mtendere anamuuza ndani? Woitanitsa katundu amene amabweretsa makina mazanamazana, kodi n'zovuta kwa iye kulowetsa nambala ya siriyo pa tsamba la kampani asanagulitse? Inu wogula chitani zimenezo nokha musanatulutse ndalama ya batire latsopano. Ena mwa mapulogalamu osinthira mabatirewa anali ndi malire a zaka, koma kufunsa sikulipiritsa.

Pamene tikudikira mayankho, batire lotupalo lili m'nyumba mwanu. Lichotseni ku magetsi ndipo musalitchajenso. Ngati makinawo sakutentha kapena kununkha mankhwala, koperani msanga mafayilo ofunika pa fulashi, kenaka zimitsani. Ikani laputopuyo pansi pa simenti, kutali ndi makatani, matilesi, mbaula ndi silinda ya gasi. Popita nayo kwa okonza, musaipanikize m'chikwama chodzaza mabuku chimene kondakitala achiponya pansi pa mpando. Kwa okonzako imani pomwepo muone. Waluso amamasula batire pang'onopang'ono ndi kachipangizo kapulasitiki, makamaka ngati linamatidwa ndi guluu, ndipo amakuonetsani nambala ya batire lakale kuti igwirizane ndi latsopano. Akakuuzani kuti aliboola ndi singano kuti mpweya utuluke n'kumatapo, nyamulani katundu wanu muzipita. Mwapulumutsa ndalama zochepa, mwagula moto. Batire lochotsedwalo limatidwe tepi pa mawaya ake n'kuikidwa m'chitini cha mchenga wouma, panja pamthunzi pomwe ana safika. Likayamba kufuka, tulutsani anthu, musapume utsiwo, itanani ozimitsa moto pa 993. Batire latsopano likalowa, fufuzani ngati makina anu amalola kuimitsa kutchaja pa 80 peresenti. Lenovo, Dell, HP ndi Asus ali nayo njira imeneyi pa makina awo ambiri, ndipo imatalikitsa moyo wa batire.

Koma chitini cha mchenga chija chidzakhala kuseri kwa nyumba mpaka liti? Funso lalikulu lili pamenepa. Batire lakufa likaponyedwa m'bini, limakwera galimoto ya zinyalala, limapsinjidwa pamodzi ndi mapepala ndi mapulasitiki, n'kukathera ku Chunga, kumene amayi ndi ana amafukula ndi manja kufunafuna zogulitsa. Likaponyedwa m'dzenje la kuseri, limadikira tsiku lotentha zinyalala. Malinga ndi Global E-waste Monitor ya 2024, dziko lonse lapansi linataya zinyalala zamagetsi matani 62 miliyoni mu 2022, ndipo mu Africa zimene zinatoleredwa ndi kukonzedwa mwa dongosolo sizinafike ngakhale 1 peresenti.

ZEMA, bungwe loyang'anira chilengedwe pansi pa lamulo la 2011, ndi limene limapereka ziphaso kwa otolera zinyalala zoopsa. Mu 2018 boma linatulutsa Statutory Instrument No. 65, yokhazikitsa mfundo yakuti wopanga kapena woitanitsa katundu akhale ndi udindo pa zinyalala za katundu wakeyo. Anthu wamba anaiona mphamvu yake pa majumbo apulasitiki opyapyala, pomwe masitolo akuluakulu anayamba kugulitsa matumba m'malo mongopereka. Nanga pa mabatire, mphamvu yake tidzaiona liti? Imitsani anthu khumi pa siteshoni ya basi ku Kaunda Square, muwafunse kumene angakasiye batire lotupa. Ndi angati angatchule malo? Ngati otolera ovomerezeka alipo, bwanji maina awo sanamatidwe pa khomo la msika uliwonse ndi pa shopu iliyonse ya makompyuta? Kodi n'chiyani chikuletsa lamulo losavuta lakuti wogulitsa batire latsopano alandire lakale? Ogulitsa mabatire a galimoto amalandira akale mokondwa chifukwa mtovu wake uli ndi msika. La laputopu lilibe wolilirira, ndiye lasanduka la aliyense.

Dziko lino silifunika kuphunzitsidwa za kuipa kosiya poizoni wopanda mwini. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu wake ukupezekabe m'magazi a ana obadwa zaka zambiri pambuyo pake. Batire limodzi si mgodi, tikudziwa. Koma chilala chija chinadzaza nyumba za Lusaka ndi ma power bank, nyale zotchaja, mafani otchaja ndi mabatire a sola, kuyambira ku Kabwata mpaka ku Kabulonga. Zambiri mwa izo ndi za lithium, zinagulidwa nyengo imodzi, ndipo zidzakalamba nyengo imodzi. Ndani akukonzekera chaka chimenecho?

Chodabwitsa n'chakuti mu Epulo 2022, mu Lusaka momwemu, Zambia ndi Democratic Republic of Congo zinasainirana pangano lopanga limodzi zipangizo za mabatire a galimoto zamagetsi. Tili ndi kopa, anzathu ali ndi kobalti wochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo zitsulo zomwezi zili m'batire lotupa lija. Tikufuna kugulitsa mabatire ku dziko lapansi, koma kodi tingalephere kutolera ochepa amene afera m'manja mwathu? Ku Ulaya apita kale patsogolo: lamulo la European Union la 2023 likuti kuyambira mu Febuluwale 2027, mabatire a zipangizo zambiri zonyamula m'manja akhale oti mwini wake angathe kuchotsa ndi kusintha yekha. Makina amenewo adzatipeza patapita zaka, atagwira kale ntchito kwina. Amene tili nawo lero ndi omatidwa ndi guluu.

Lusaka City Council ili ndi misika m'madera ambiri a mzinda, ndipo misikayi imakhala ndi ofesi ndi wotolera msonkho. Kodi mgolo umodzi wachitsulo wokhala ndi chivundikiro, wothiramo mchenga, woikidwa pamthunzi pafupi ndi ofesiyo n'kumatengedwa kamodzi pamwezi ndi wotolera amene ali ndi chiphaso cha ZEMA, ungadye ndalama zingati? Makhansala a m'dera la Munali angathe kufunsa funso limeneli pa msonkhano wotsatira wa khonsolo.