Khutu ndi lathu, digiri ndi ya eni

Tayesani kuuza amalume anu kuti mukusaka malo ochitira PhD yofufuza mmene khutu ndi ubongo zimamvera nyimbo. Adzakuyang'anani ngati mwapenga, kenako adzafunsa funso lija lomwe limapha maloto ambiri kuno kwathu: "Nanga zimenezo nzodya?" Ndipo inu amene mukuwerenganu, musanamizire kuti simunaseke. Ambiri a ife timaona ngati maphunziro enieni ndi udokotala wa m'chipatala, zamalamulo ndi zowerengera ndalama basi. Nyimbo ndi zapaukwati.

Ine ndikuti kusekako ndi umbuli, ndipo umbuliwo watiluzitsa kale zambiri.

Mvetserani nkhani iyi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Gerhard Kubik wa ku Austria ankaphunzira kuimba amadinda ku Uganda, chida chamatabwa chofanana ndi mangolongondo athu. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata yomwe mnzake wasiya, mothamanga kwambiri. Atamvetsera zomwe anajambula, Kubik anamva tinyimbo tomwe palibe woimba aliyense anaimba. Ubongo wa womvera ndi umene umapatula mawu okwera paokha, otsika paokha, nkupanga nyimbo zakezake. Analemba zimenezi mu 1962. Akatswiri a zamaganizo, monga Albert Bregman wa ku McGill ku Canada, anadzafufuza chinthu chomwechi m'malabu pambuyo pake, ndipo buku lake lotchuka linatuluka mu 1990. Oimba a ku Africa anali akusewera ndi ubongo wa omvera kalekale, popanda labu.

Kubik yemweyo anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 kuno ku Blantyre, ndipo mudzi wa Singano ku Chileka unasanduka kwawo kwachiwiri. Kumeneko nkumene kunachokera Dr Moya Malamusi, amene anakatenga digiri yake ya udokotala ku Vienna ndipo wasunga nyimbo ndi nthano zathu kwa zaka zambiri. Ndikufunseni: ndi angati mwa inu, olemba ndakatulo amene mumadzitcha okonda chikhalidwe, munamvapo dzina limeneli? Chileka si kutali. Ndi minibasi imodzi kuchoka m'tauni.

Hugh Tracey naye anajambula nyimbo za kuno m'zaka za m'ma 1950. Zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa. Mwana wa Mmalawi wofuna kumva mmene agogo ake ankaimbira bangwe amayamba wagogoda kwa eni.

Tsono wina anena kuti dziko losauka lilibe nthawi ya zimenezi. Chabwino. Dutsani pa Chichiri Loweruka masana, mumve masipika a paukwati, a kutchalitchi, a otsatsa malonda. Kwerani minibasi ya ku Limbe, mukhale pafupi ndi sipika. Bungwe la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo choononga makutu chifukwa cha phokoso lotere. Timaselo takumva ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ku Queens kuli kiliniki yoona za makutu, ndipo amene amagwira ntchito kumeneko amadalira sayansi yomweyi imene amalume akuiseka.

Komanso chinenero chathuchi ndi choimba. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga zimalembedwa chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa kukweza ndi kutsitsa mawu. Pulofesa Al Mtenje wathera moyo wake akufotokoza zimenezi. Nanga gogo amene waikidwa kachipangizo kothandiza kumva, kopangidwa ndi kuyesedwa pa anthu olankhula Chingerezi, amamva bwino kusiyanaku? Nanga woimba akamaika mawu a Chichewa pa nyimbo, amamvera kamvekedwe ka mawuwo kapena amakaswa? Mafunso awiri amenewa aliyense ndi PhD payekha.

Kunja asayansi adzidzimuka kale. Kwa zaka zambiri ankayesa ophunzira a m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya nkumalengeza kuti umu ndi mmene munthu amamvera. Mu 2016 Josh McDermott ndi anzake anapeza kuti anthu a mtundu wa Tsimane' ku Bolivia sakonda mawu ogwirizana kuposa osagwirizana monga amachitira azungu. Chiphunzitso chomwe ankati nchobadwa nacho chinagwedezeka. Pano akusaka makutu a anthu ena onse, athu omwe. Abwera ndithu. Funso nlakuti mudzakhala ndani akabwera: wofufuza amene dzina lake lili pamwamba pa pepala, kapena womasulira wonyamula chikwama amene amathokozedwa kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono?

Apa ndikutembenukira kwa iwe mphwanga amene ukusakadi malowa. Usatumize imelo yoti "ndimakonda nyimbo kuyambira ndili mwana", aliyense amalemba choncho ndipo palibe amayankha. Maphunzirowa amafuna masamu a kafukufuku, kalembedwe ka mapologalamu a pakompyuta, ndi kudziwa mmene mawu amayendera mumpweya. Yang'ana ku Max Planck Institute for Empirical Aesthetics ku Frankfurt, ku RITMO ku Oslo, ku McGill. Ndalama uzisake ku DAAD kapena ku Commonwealth. Werenga mapepala awiri atatu a pulofesa amene ukumufunayo, umuuze pomwe ntchito yake yaperewera, kenako umuonetse chomwe iwe uli nacho chimene iye alibe: ulimba wa ku Nsanje, mbalule yotsogolera gule, ana a ku Ndirande amene amakula akumva zinenero zitatu. Ndipo musanagwirizane, mufunse poyera kuti zomwe mudzajambule zidzasungidwa kuti, komanso ngati oimbawo adzapatsidwa kope lawo.