Ulendo wotsekera teremu: mwana apite ndi kanthu m'manja

Teremu yachitatu ikamapita kumapeto, m'sukulu zambiri za kuzambwe kwa Lilongwe mumabuka nkhani imodzi: ana apite kokaona malo, ndipo kholo lililonse lisonkhe ndalama ya galimoto. Ku Msundwe, ku Mpingu ngakhale ku Nsaru, nkhaniyi imagawa anthu. Ena amati mwana wongokhala pakhomo sadziwa dziko. Ena amati ndi kutaya ndalama pa zosangalatsa chabe. Ine ndikuona kuti ulendowu ndi wofunika, koma phindu lake lenileni limabwera pamene wophunzira wanyamula ntchito ya manja ake kukaionetsa, osati kungopita kukasuzumira za eni.

Odandaula za ndalama sakunama ayi. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ndi wobwereka basi unakwera, ndipo ndalama ya fodya kapena mtedza imene kholo lapeza m'miyezi ya Juni ndi Julayi imakhala ili kale ndi mwini wake: feteleza wa chaka chamawa, ngongole ya kubanki m'khonde, yunifolomu. Choipa kwambiri n'chakuti ulendo wosonkherana umasankha ana potengera thumba la makolo. Amene wapereka amakwera, amene walephera amatsala pabwalo la sukulu kuyang'ana fumbi la galimoto. Pali mantha enanso omveka, okhudza ana odzazidwa palole yopanda mipando, ndi atsikana obwerera usiku popanda mphunzitsi wamkazi wowaperekeza.

Koma zonsezi zikutsutsa kakonzedwe ka ulendo, sizikutsutsa ulendowo. Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Analeka sukulu chifukwa chosowa fizi, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Makinawo anaima pakhomo pawo zaka zingapo, koma moyo wake unatembenuka mu 2007 pamene anapita ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kukafotokoza ntchitoyo pamsonkhano wa TED. Paulendo womwewo anakwera ndege koyamba, naona intaneti koyamba. Kuona zachilendo ndi kuonetsa zake zinayendera limodzi, koma chimene chinatsegula zitseko n'chakuti anafika ndi kanthu kokamba.

Wina anganene kuti Kamkwamba ndi mmodzi, ndipo Arusha ndi kutali. Zoona. Komatu mwana wa ku Msundwe safunika ndege. Pamsewu womwewu wa ku Mchinji, polowera mumzinda, pali malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, kumene kunachokera mtedza wa CG7 umene alimi ambiri a kuno amaudziwa. Kutsogolo pang'ono kuli sukulu ya zaulimi ya NRC, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ndipo chakumadzulo kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete. Ana ambiri amangodutsa pazipata zimenezi ali m'minibasi, osadziwa zochitika m'katimo. Tiyerekeze gulu la Fomu 3 lomwe lakhala teremu yonse likuyesa chimanga pamizere iwiri, wina wothira manyowa a Mbeya, wina feteleza yekhayekha, likulemba m'kope kutalika kwa mapesi sabata ndi sabata. Mtsikana waimirira pamaso pa katswiri wa zanthaka, kope lakuda ndi dothi lili m'manja, mawu akunjenjemera, ndipo wafunsidwa kuti, "Nanga mizere yonseyi inkalandira madzi ofanana?" Funso limodzilo limuphunzitsa sayansi imene sakanaipeza poloweza manotsi a MSCE.

Izi zimachepetsanso vuto la tsankho lija. Ngati mpando m'basi ukupezeka chifukwa cha ntchito imene gulu lagwira, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi angathe kusonkhanitsa ndalama m'thumba limodzi, kuchokera kudimba la sukulu kapena kwa akufuna kwabwino, kuti mwana wa mayi wogulitsa zitumbuwa asatsale.

Sindikugwirizana ndi amene amafuna kuchotseratu mbali yokaona malo, ati n'kusewera. Mwana wobadwira m'boma limene muli likulu la dziko sayenera kumaliza sukulu asanapondeko m'Nyumba ya Malamulo, imene inatsegulidwa mu 2010, kapena asanaone damu la Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a mumzinda. Amene waona ndi maso ake mmene madziwo amasungidwira amamvetsa chifukwa chake kudula mitengo m'nkhalango ya Dzalanyama, gwero la mtsinje wa Lilongwe, kumaumitsa mipopi ku Area 25. M'mawa aonetse ntchito yake, masana aone dziko lake.

Pali chifukwa china chimene chimandikhudza kwambiri. Chiyambire zionetsero za mu 2019 ndi nkhanza zimene amayi ndi atsikana a kuno anakumana nazo chaka chomwecho, dzina la Msundwe likatchulidwa mumzinda anthu amaganiza za miyala ndi matayala oyaka pamsewu. Ana amene ali ku sekondale lero anali aang'ono panthawiyo, koma dzinali amalisenza kulikonse. Akalowa pachipata cha Chitedze atanyamula makope ndi zitsanzo za mbewu zawo, wolemba alendo pachipatapo adzawafunsa kumene achokera, ndipo iwo adzayankha kuti ku Msundwe.