AKADZIOTCHE A KU NEW YORK

Mwezi uno tifuna kukutengani ulendo wa kutali, kutsidya la nyanja yamchere, ku mzinda wa New York m'dziko la Amereka. Musabvutike ndi kamba, pakuti tingopita ndi makutu okha. Mzinda umenewu ngwaukuru koopsya: powerenga anthu m'chaka cha 2020 anapezamo oposa mamiliyoni 8, okhala m'nyumba zosanjikizana, wina pamwamba pa mnzache monga nkhunda m'khola. Kumeneko munthu akhoza kutha zaka zambiri wosadziwa dzina la iye amene agona kuseri kwa chipupa chache. Akumana m'mawa pa makwerero, napatukana wosapatsana moni. Koma mu mzinda womwewo muli mwambo umene watizizwitsa ife, ndipo tiyesa kuti udzazizwitsa inunso. Madzulo ena anthu osadziwana amalipira ndalama pakhomo, nalowa m'nyumba imodzi, nakhala phee, kuti amve munthu wamba akufotokoza zimene zinamgwera pa moyo wache. Ndipo atatha, amampatsa malikisi monga mwana wa sukulu.

Chiyambi chache nchotere. Panali mlembi wa mabuku dzina lache George Dawes Green, wochokera ku dera la Georgia, kumwera kwa dzikolo, kumene kumatentha. Akali kwao, pa chisumbu cha St. Simons, iye ndi anzache ankasonkhana usiku pa khonde la mnzao wina, nasimbirana nkhani kufikira tulo titawagwira. Khondelo linali lotchinga ndi waya wa udzudzu, koma wayayo anali wobooka, ndipo akadziotche ankalowera pa chiboocho kutsata nyali. Atasamukira ku New York anapukwa macheza aja, pakuti anaona kuti anthu a mu mzinda alankhula msangamsanga, nadulana mau, palibe wolola mnzache kutsiriza. Tsono m'chaka cha 1997 anaitana anthu m'chipinda chache chochezera, nawapempha kuti amvere mmodzi mmodzi. Msonkhanowo anaucha The Moth, ndiko kunena kadziotche m'chinenero chathu. Sipanapite nthawi chipinda chinachepa, ndipo anayamba kupempha malo m'nyumba zina za mu mzinda.

Poyamba olankhula anali osankhidwa ndi ophunzitsidwa bwino. Koma patapita zaka zowerengeka anatsegula khomo kwa ali yense, nayambitsa mpikisano wochedwa StorySLAM, umene tifuna kuufotokoza bwino lomwe. Mutu wa tsikulo amaulengeza kusadafike, mau amodzi kapena awiri, monga chikondi chopweteka. Wofuna kulankhula alemba dzina lache pa kapepala naponya m'thumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe womkakamiza. Wotsogolera msonkhano apisa m'thumbamo natulutsa maina 10 okha usiku wonse, limodzi limodzi, kotero kuti munthu sadziwa ngati aitanidwa kapena ai kufikira atamva dzina lache. Akaitanidwa akwera pa nsanja, naima yekha patsogolo pa chokuzira mau, nyali ikumuwalira kumaso, ndipo apatsidwa mphindi 5. Zikakwana pamalira chizindikiro chomchenjeza. Akapitirirabe mphindi yina chiliranso, ndipo pamenepo ayenera kutsika.

Malamulo ache ngowerengeka koma ngolimba. Nkhani ikhale yoona. Ikhale yache ya mwini wache wolankhulayo, yosati ya mbale wache kapena yakumva kumsika. Asagwire pepala m'manja, kapena kuwerenga. Asasandutse nsanja guwa lolalikirapo kapena bwalo lotukwanirapo adani ache, ndiponso asayerekeze malankhulidwe a mtundu wina wa anthu kuti aseketse khamu. Oweruza sachokera kwina, ai. Amatengedwa mwa anthu omwewo amene adza kudzamvera, magulu 3, ndipo gulu liri lonse likweza malikisi ache osapitirira 10. Pakati pa nkhani ndi nkhani wotsogolera amawerenga timapepala timene anthu amanyazi alembapo mau awiri atatu osaikapo dzina, kuti iwonso amveke pang'ono.

Kodi wopambana alandira chiani? Mbuzi palibe, nsaru palibe. Alandira ufulu wakudzaimanso pa mpikisano waukuru wochedwa GrandSLAM, pamene opambana 10 akumana m'nyumba yaikuru, yense ndi nkhani yatsopano.

Tsono wina adzati, nanga chachilendo nchiani, popeza ifenso tiri nazo nthano zathu? Indedi tiri nazo, ndipo mwana ali yense adziwa kuti agogo akati "Padangokhala" ayenera kubvomera "Tiri tonse". Koma taonani kusiyana kwache. Nthano yathu iri ndi chobvala. Pofuna kudzudzula mfumu yaumbombo, titchula Njobvu. Pofuna kuseka mkamwini wadyera, titchula Fisi. Ndipo wodzudzulidwayo akhoza kuseka pamodzi ndi anzache, napita kukagona ulemu wache uli wosang'ambika, angakhale mumtima adziwa amene anenedwa. Wosimba nayenso ali wobisika, pakuti akafunsidwa ayankha kuti, ine ndangonena za Kalulu. Munthu wa ku New York uja alibe Kalulu wobisalako. Ayenera kunena kuti, ndine amene ndinanama, ndine amene ndinathawa, ndine amene ndinachedwa kufika pamene atate anga anali kutsirizika. Chifukwa chache dzina lija la kadziotche timaliona loyenera koposa umo analiganizira mwini wache: munthu amayandikira moto ndi mapiko ache omwe.

Nanga chimene chimlimbitsa mtima nchiani? Ife tiyesa kuti ndi ulendo womwewo wa anthu a mu mzinda. Akuru anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zimene munthu sangathe kuzinena pa mudzi, pamene mlamu wache ndi apongozi ache adzakumana naye m'mawa pa chitsime, akhoza kuzitula pamaso pa anthu mazana amene sadzawaonanso. Kusadziwana kumene kumawawa anthu a New York usana, ndiko kumene kumasula lilime lao usiku. Ndipo ambiri a iwo amene amvera amabwerera kwao atapepukidwa, pakuona kuti chinthu chimene anachiyesa manyazi ao okha chinagweranso wina.

Koma sitingabise kuti pali zinthu ziwiri zimene zititopetsa mtima pa mwambo umenewu.

Choyamba ndi malikisi. Taganizani mai amene wasimba za imfa ya mwana wache, mau akunjenjemera, ndipo atatsika oweruza akweza 8. Pambuyo pache padza mnyamata wanthabwala wosimba za tsiku limene galu anamthamangitsa, nalandira 9. Kodi chisoni chiyesedwa pa sikelo monga fodya? Okonda mpikisanowu ayankha kuti oweruza sayesa chisoni, koma luso lakusimba. Ndipo tibvomera kuti m'menemo muli zoona, pakuti tonse tidziwa munthu amene anaona zazikuru koma posimba angozungulira, kufikira omvera ayamba kuwodzera. Ngakhale chomwecho malikisiwo sali olungama kwenikweni. Ozolowera mipikisano yotere adziwa kuti woitanidwa poyamba kawirikawiri alandira ochepa, chifukwa oweruza akali kuumira, ndipo usiku ukamakula manja ao amamasuka. Ndiponso pamene pali mphotho, ngakhale ya ulemu wokha, pali chiyeso chakuthira mchere wambiri. Eni ache a The Moth amanena poyera kuti nkhanizo nzoona monga momwe wosimbayo azikumbukira, ndipo mau amenewo ali ndi khomo lalikuru ndithu.

Chachiwiri nchachikuru koposa. Palibe munthu amene ali yekha m'nkhani ya moyo wache. Wosimba za ukwati wache umene unatha asimbanso za mkazi uja, amene palibe m'nyumbamo, ndipo sapatsidwa mphindi 5 zache kuti ayankhe. Wosimba za ubwana wache aturutsa kunja kuledzera kwa atate ache ndi misozi ya amai ache. Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa wina asanalankhule, koma pa nsanja iyi mbali imodzi yokha imveka, ndipo khamu liomba m'manja. Kale mau ankathera m'chipinda momwe ananenedwa. Koma kuyambira 2008 nkhani zosankhidwa zinayamba kufalitsidwa pa intaneti, ndipo mu 2009 zinalowa pa wailesi, m'programu imene inalandira mphotho ya Peabody ya chaka cha 2010. Nzoona kuti safalitsa popanda chilolezo cha wosimba. Koma mkazi uja ndi atate aja, ndani awapempha? Tikamamvera nkhani zimenezi timapeza kuti zokoma koposa ndi zija zimene wosimba aloza chala pa chifuwa chache, nasiyira enawo nsaru yao.

Tsopano tinene za nyumba zimene mwambowu unakuliramo, pakuti popanda izo ukadafera m'chipinda cha Green. Mzinda wa New York uli ndi nyumba zazikuru zamasewero kumene olemera apita atabvala bwino. Koma amene analandira akadziotche ndi nyumba zazing'ono, zosungidwa ndi anthu aluso a m'deralo. Yina mwa izo ndi Nuyorican Poets Cafe. Iyonso inayambira m'chipinda chochezera, cha mphunzitsi ndi mlakatuli Miguel Algarín, m'chaka cha 1973, pamene alakatuli ochokera ku chisumbu cha Puerto Rico, amene nyumba zazikuru sizinawasamale, anafuna pokhalira kumverana. Ngakhale nzeru yakupatsa malikisi siinayambe ndi osimba nkhani. Anaiyamba ndi mmisiri womanga nyumba wa ku Chicago, Marc Smith, amene anatopa ndi misonkhano ya ndakatulo yogonetsa tulo, nayambitsa mpikisano wa alakatuli, umene kuyambira 1986 unakhazikika m'nyumba yochedwa Green Mill. Mpikisano wa ndakatulowo unafika ku Nuyorican, ndipo osimba nkhani anabwereka nkhwangwa kwa alakatuli.

Nyumba yina imene tiikonda pakumva mbiri yache ndi sitoro ya mabuku ya Housing Works. Bungwe limeneli linayamba mu 1990 kuti lithandize odwala Edzi osowa pogona. Mabuku a m'sitoroyo ngopatsidwa ndi anthu aufulu, ambiri ogwira nchito m'menemo salandira malipiro, ndipo phindu lipita kwa odwalawo. Pa masiku a mpikisano anthu ankandanda mzere wautali mu mseu kudikira kuti chitseko chitsekuke. Potero usiku umodzi unkadyetsa ambiri: wosimba apeza omvera, sitoro ipeza ogula, wodwala apeza thandizo, ndipo woyimba kapena mlakatuli amene anangodzera macheza apeza mnzache wogwira naye nchito mawa. Ena amene anakwera pa nsanja koyamba miyendo ikugwedezeka anadzasanduka alembi a mabuku, ndi ena aphunzitsi a luso lomwelo m'masukulu, pakuti The Moth imatumizanso anthu ache kukaphunzitsa ana a sukulu kusimba za moyo wao.

Nyumba zotere zikhala mobvutika, chifukwa lendi ya mu mzindawo njokwera, ndipo ndalama ya pakhomo njochepa. M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unakantha New York kolimba, zonse zinatsekedwa. Mipikisano inasamukira pa kompyuta, yense akulankhula ali m'chipinda chache. Nkhani zinamveka ndithu, koma wosimba sanathe kumva kupuma kwa khamu, kumene kumuuza kuti apa fulumira, apa ima pang'ono. Zinali ngati agogo anena "Padangokhala" ndipo palibe mwana wobvomera. Mliri utachepa anthu anabwereranso ku nsanja, ndi m'mizinda yina yambiri ya Amereka, ndi ku London, ndi ku Melbourne, kumene mwambowu unafikako kale.

Usiku wa mpikisano umatha chotere. Atalankhula wa 10, amaitana iwo onse amene maina ao anatsala m'thumba, kuti yense anene chiganizo choyamba chokha cha nkhani imene anaikonzera, pamene malikisi ali kuwonkhetsedwa. Munthu amene wakhala sabata yathunthu akuyeseza pamaso pa kalirole anena mau ache asanu ndi awiri, khamu liseka kapena kuusa moyo, ndipo iye atsika nayo nkhani yotsalayo ikali m'kamwa, nakakwera sitima ya pansi pa nthaka kubwerera kwao.