Tisanaseke akachisi a ku India, tidziwe wa mu Blantyre

Chaka ndi chaka Amalawi amapita ku India, ena kukalandira chithandizo cha mankhwala, ena kukaphunzira. Pobwera, foni imakhala itadzaza zithunzi: misewu yothithikana ya ku Mumbai, ng'ombe zikuyenda pakati pa galimoto popanda wozipirikitsa, ndi akachisi a Ahindu opakidwa utoto wowala. Zithunzizo zikafika pa WhatsApp, ndemanga zathu zimakhala zachipongwe, makamaka tikaona Ganesha, mulungu wawo wa mutu wa njovu. Ine ndikuona kuti khalidwe limeneli silitiyenera, ndipo ife amene tikuphunzira uphunzitsi ndiye tiyenera kuyamba kulisiya.

Ahindu si anthu a kutsidya kwa nyanja okha. Mukalowa m'tauni ya Blantyre, kachisi wa Shree Satyanarayan ali pomwepo, ndipo dzinalo ndi limodzi mwa mayina a mulungu wawo Vishnu. Ambirife timangodutsa osadziwa kuti mkatimo mumalowa ndani. Amwenye adayamba kufika m'dziko muno kalekale. Mu 1891 Harry Johnston adabwera ndi asilikali achi Sikh, kenaka kudabwera amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidawachotsa m'midzi n'kuwasonkhanitsa m'mizinda ikuluikulu, n'chifukwa chake masitolo awo adachuluka ku Limbe ndi ku Blantyre. Timawatchula ndi dzina limodzi, koma pakati pawo pali Asilamu, Ahindu, a Sikh ndi Akhristu. Mphunzitsi wosadziwa kusiyana kumeneku, tsiku lina adzachititsa manyazi mwana wa eni m'kalasi, anzake n'kumuseka.

Ndikudziwa zimene ena anene. Lamulo lachiwiri limaletsa kugwadira mafano, ndiye Mkhristu akatani kumeneko? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma kuona n'kosiyana ndi kupembedza. Pa Machitidwe 17, Paulo adayendayenda mu mzinda wa Atene, akuyang'anitsitsa malo awo opembedzera mpaka adawerenga zolembedwa pa guwa lina. Mtima udamuwawa, komabe ataimirira pa Areopagi adayamba ndi zimene adaziona ndi maso ake, natchulanso mawu a alakatuli awo. Akadangolavula malovu n'kudutsa, akadayambira pati polankhula nawo?

Malire alipo, ndipo aliyense awadziwe asanapite. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira kachisi musanalowe. Vulani nsapato pakhomo monga amachitira eni ake, valani modzilemekeza, ndipo musajambule chithunzi musanafunse. Simukuyenera kugwada kapena kupereka chopereka. Akakupatsani chakudya chimene chaperekedwa kwa milungu yawo, chomwe amati prasad, mungathe kukana mwaulemu, n'kufotokoza chifukwa chake. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola kulowa, imani panja, palibe angakudzudzuleni. Kunyoza kokhako ndi kumene kulibe chodzikhululukira. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, koma mbiri imene wasiya imatsala ndi eni nyumba.

Mukadekha n'kufunsa mafunso, mupeza zinthu zodabwitsa. Ahindu ambiri ochokera ku Gujarat sadya nyama, nkhani imene ife timaiphunzitsa pa misonkhano ya zaumoyo, ngakhale zifukwa zathu n'zosiyana. Mumvanso chifukwa chake makombola amalira usiku mu Okutobala kapena Novembala: amakhala akukondwerera Diwali, chikondwerero cha nyale, chokumbukira kuti kuwala kumagonjetsa mdima. Kodi pali poyambira kucheza pabwino kuposa pamenepa kwa munthu amene amakhulupirira kuti Yesu ndiye kuunika?

Palinso chifukwa china chimene chikutikhudza ife eni. Mayeso akaikidwa Loweruka, kapena bwana akatiumiriza kugwira ntchito pa Sabata, timathamangira ku gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Mpingo wathu udayambitsa bungwe la International Religious Liberty Association mu 1893, ndipo limamenyera ufulu wa anthu a zipembedzo zonse. Timadziwa kuwawa kwake anthu akamatiseka kuti ndife osadya nkhumba ndi mlamba. Nanga ulemu umene timaupempha kwa ena, tiwamane bwanji Ahindu?

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi athu ndi atsogoleri a achinyamata. Tikamakonza ulendo wokaona Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chidatha kumangidwa mu 1891, tilembenso kalata yopempha kukaona kachisi wa Ahindu ndi wa a Sikh ku Limbe. Opita akakhale ndi kope ndi cholembera, ndipo pobwera tikakambirane zimene taona, Baibulo lili m'manja.