Za Gitala Wotsanzira Magitala Anzache

Mwezi uno tiyankha bambo wina amene anadza kwa ife ndi funso. Mwana wache wamwamuna adziwa kuimba gitala, ndipo tsopano akuumiriza makolo kuti amthandize ndi ndalama za zokolola, kuti agule gitala wa magetsi wachilendo, amene akuti ali yekha alira ngati magitala oposa 20. Bamboyo afuna kudziwa ngati zimenezi nzoona, ndiponso ngati nkoyenera kuperekapo ndalama. Kuti nzoona, nzoona ndithu. Koma funso lachiwirilo ndilo lifuna kukhalira pansi.

Gitala wodziwika wa mtundu umenewu dzina lache ndiye Variax, amene kampani ya Line 6 ya ku California, m'dziko la America, inamuonetsa poyamba m'chaka cha 2002. Machitidwe ache ndi otere. Pa kamlatho kamene kachirikiza nsambo pali tizipangizo 6, nsambo iri yonse ndi kache, timene timamva kunjenjemera kwa nsamboyo ndi kukusandutsa mphamvu ya magetsi. Mphamvuyo ilowa m'kakompyuta kobisika m'mimba mwa gitala, momwe amisiri anasungamo kaliridwe ka magitala omveka akale, atawayesa limodzi limodzi. Woimba akapotokola kabatani, gitala alira ngati Stratocaster wa Fender; akapotokolanso, ngati Les Paul wa Gibson, kapena Martin wopanda magetsi, kapena gitala wa nsambo 12, ngakhale banjo ndi sitar. A Fender nawonso, pogwirizana ndi a Roland a ku Japan, anaturutsa wao m'chaka cha 2007, namtcha VG Stratocaster.

Pali chinanso chimene oimba achikonda koposa. Nyimbo zina zifuna kuti nsambo zikungidwe mwa njira yina, ndipo woimba ayenera kuima pakati pa anthu napotokola zikhomo, anthu ali chidikirire. Magitala otsanzira ambiri asintha mau a nsambo iri yonse m'kamphindi, dzanja losakhudza chikhomo. Komatu nsamboyo payokha siisintha. Chifukwa chache woimba akachepetsa chokuzira mau amamva mau awiri osagwirizana, ena ochokera m'nsambo, ena m'chokuziracho, ndipo khutu limadandaula.

Tsono kwa munthu amene adyera gitala, woimba nyimbo 40 za eni osiyanasiyana usiku umodzi, chipangizo chimenechi chiri ndi phindu, ndipo ife sitikana. Asenza chikwama chimodzi m'malo mwa zinai. Ndipo pamene ng'oma ndi zoimbira zina zasokosera pamodzi, omvera ambiri sangathe kusiyanitsa wotsanzirayo ndi mwini mau. Amene amasiyanitsa ndiye woimba mwini, pakuti khosi la gitala, kulemera kwache ndi kulimba kwa nsambo zikhala zomwezo, ngakhale makutu akumva banjo. Ndipo ambiri adandaula kuti akagwira nsambo ndi chikhatho kuti mau afupike, pamamveka kaphokoso kouma kamene pa gitala weniweni kulibe.

Koma chimene ife tifuna kuti bambo uja achisinkhesinkhe sichiri m'makutu ai. Gitala wa magetsi wamba ali ndi maginito okulungidwa ndi waya woonda, ndi tizitsulo towerengeka. Mwa iye yekha safuna batire, ndipo akaonongeka mmisiri ali yense wokonza mawailesi akhoza kumlumikiza ndi mtovu. Nchifukwa chache Stratocaster wa chaka cha 1954 aimbidwabe lero, ndipo Les Paul wa 1952 chimodzimodzi. Gitala wotsanzira sali wotero. Moyo wache uli m'kakompyuta kaja, ndipo kompyuta ikalamba msanga kuposa mtengo. Variax woyamba analibe maginito konse: anafuna mabatire ang'ono 6, kapena magetsi odzera m'chingwe chache chapadera, ndipo zimenezi zikasowa anakhala chete ngati mpini wa khasu. VG Stratocaster nayenso anadya mabatire 4 m'maola owerengeka, ndipo a Fender sanakhalitse naye pa malonda.

Opangawo anachiona cholakwa chimenechi. M'chaka cha 2010 a Line 6 anaturutsa Variax wokonzedwa ndi mmisiri James Tyler, wokhala ndi maginito monga gitala wamba ndi batire lotchaja lokhala ngati maola 12, kotero kuti batire likatha gitala aimbabe ndi mau ache a chibadwidwe. A Yamaha atagula kampaniyo mu 2014, anapanganso wina wotsika mtengo, Variax Standard, mu 2015, nayenso wa maginito. Ichi chinachepetsa vuto, koma sichinalithetse. Batire lache ndi la mtundu wache wokha, losapezeka m'sitolo wamba. Ndipo kakompyuta kakapsa, monga zichitika kumene magetsi amabwera mothamanga atazima, palibe cholumikiza ndi mtovu, koma kuitanitsa kena kutsidya la nyanja, ngati kakupezekabe. Pamenepo munthu atsala ndi gitala wamba amene anamgula pa mtengo wa gitala wodabwitsa.

Kwa bambo uja tsono tinena motere. Ngati mnyamatayo akali kuphunzira, kapena aimba pakhonde ndi pa maukwati a m'mudzi, ndalamazo zigule gitala wamba wolimba ndi nsambo zapadera, ndipo zotsala zisungidwe. Akafuna mau amitundumitundu m'tsogolo, kuli timabokosi toponda ndi phazi timene timasintha mau kunja kwa gitala; tikafa ito, gitala atsala wamoyo. Koma ngati ali kale m'gulu la oimba lolandira malipiro, kumene kuli magetsi, asaletsedwe. Koma agule wa maginito, osati woyamba uja. Ndipo popeza ambiri agula kwa munthu amene anayamba wamgwiritsa ntchito, apite ndi mnzache wodziwa, aimbe nsambo iri yonse payokha pa mau onse a kabatani kaja, chifukwa tizipangizo ta pa kamlatho timafa kamodzikamodzi. Kenaka achotse batire, amve ngati gitala alirabe, ndi kufunsa mwini wache kumene batire lina ligulidwa, ndalama zikali m'thumba.