Chakudza Sichiimba Ng'oma: Ubwino Wolemba Chisanu M'kope

M'chigawo chonse cha kumwera kwa Africa mulibe dziko lodziwa chisanu ngati Lesotho. Malo ake otsika kwambiri ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera panyanja yamchere, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana imafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wa paphiri la Mulanje yemwe ndi wa mamita 3,002. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mapiri a Maloti amayera mbee ndi chipale chofewa, chimene ena amati sinowo. Chipalechi n'chosiyana ndi matalala. Chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluzika, nkuunjikana paudzu, pamadenga ndi m'misewu. Mu Juni 1967 ku Letšeng kunazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro.

Kwa anthu a m'mapiriwa kuzizira ndi nkhani ya moyo ndi chuma. Mabanja ambiri amadalira ubweya wa nkhosa za mtundu wa Merino ndi wa mbuzi za Angora. M'chilimwe abusa amapita ndi ziweto kumabusa akutali, komwe amagona m'timisasa tamiyala totchedwa motebo, ndipo chisanu chikayandikira amatsika nazo kufupi ndi midzi. Chipale chikawapeza asanatsike, msipu umakwiririka, ziweto zimafa ndi njala, ndipo abusa ena amataya moyo. Misewu yopita ku Mokhotlong, Thaba-Tseka ndi Qacha's Nek imatsekeka, kotero kuti ufa, parafini ndi mankhwala sizifika.

Banja lililonse kumeneko limakhala ndi mafunso omwewo chaka ndi chaka: ziweto zitsike liti, udzu wouma usungidwe wochuluka bwanji, ndowe zouma zosonkhera moto zikwanira masiku angati, ndipo chimanga chibzalidwe sabata iti. Nthambi ya boma yoona zanyengo, ya Lesotho Meteorological Services, imachenjeza anthu pawailesi, koma uthenga wake umakhudza dera lalikulu. Chisanu chimasankha malo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Usiku mpweya wozizira umalemera nkutsetsereka ngati madzi kukadikha m'zigwa. Komanso kumwera kwa Africa kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limadutsa chakumpoto, choncho mbali ya phiri yopenya kumwera imakhala pamthunzi ndipo chipale chimachedwa kusungunuka. Midzi iwiri yoonana ikhoza kukhala ndi nyengo ziwiri zosiyana. Chimene wailesi singanene, kope la pakhomo likhoza kunena.

Zipangizo zake n'zochepa: kope, pensulo, lula, thabwa lopakidwa utoto woyera, beseni la madzi, ndi themometa ngati ilipo. Thabwalo limaikidwa pabwalo poyera, kutali ndi nyumba ndi mitengo. M'mawa uliwonse, pa ola limodzimodzi, wolemba amazika lula m'chipale chomwe chagwera pathabwa, amalemba masentimita ake, kenaka amasesa thabwalo kuti mawa ayeze chatsopano chokha. Amayezanso chipale chakale chimene chikadali pansi, m'malo atatu kapena anayi, chifukwa mphepo imachiunjika kwina nkusesa kwina. Akatswiri amayerekeza kuti masentimita 10 a chipale chongogwa kumene amatulutsa madzi pafupifupi sentimita imodzi chikasungunuka. Beseni limagona panja. Ngati m'mawa pamwamba pake pauma ngati galasi, tsikulo limalembedwa kuti kunali madzi oundana. Themometa imapachikidwa pamthunzi, pamsinkhu wa pachifuwa cha munthu wamkulu, ndipo imawerengedwa dzuwa likamatuluka, pakuti imeneyo ndiyo nthawi yozizira koposa. Mzere wotsiriza ndi wa zooneka ndi maso: komwe mphepo ikuchokera, mitambo, mbewu zomwe zawauka, ndi chiweto chomwe chadwala kapena kufa.

Kope lotere limayenera kutsegulidwa mu Epulo, chifukwa tsiku loyamba kulembedwa ndi la chisanu choyamba, chomwe kumapiri chimafika chimanga china chisanakhwime. Juni amabwera ndi usiku wautali kwambiri pachaka, cha pa 21, ndipo iye ndi Julaye ndiwo miyezi ya mitsinje youndana m'mbali ndi mipopi yosatulutsa madzi m'mawa. Chipale chimagwa mphepo yozizira yochokera kunyanja ya kumwera chakumadzulo ikadutsa ku Cape nkukwera mapiri, ndipo thambo likayera pambuyo pake usiku wotsatira umazizira kuposa tsiku lomwe chinagwa. Nthawi zina mphepoyi imafika patali, monga mu Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julaye 2023 pamene chipale chinagwa mumzinda wa Johannesburg.

Msampha waukulu uli kumapeto kwa nyengo. Mu Sepitembala mitengo ya mapichesi imachita maluwa, masana kumafunda, ndipo anthu amayamba kupinda mabulangeti. Koma mu Sepitembala 2024 chipale chochuluka chinatseka msewu waukulu wa N3 pa Van Reenen's Pass, pakati pa Johannesburg ndi Durban, kufupi ndi malire a Lesotho. Anthu ambirimbiri anagona m'magalimoto ndi m'mabasi, ndipo panali omwe anamwalira ndi kuzizira. Chipale cha nthawi yotere n'choopsa kwa anaankhosa obadwa kumene ndi kwa nkhosa zongometedwa ubweya. N'chifukwa chake kope siliyenera kutsekedwa Okutobala asanathe.

Phindu lenileni limaoneka zaka zitatu kapena zisanu zikalembedwa. Kuwerenga masiku kuchokera pa chisanu chotsiriza kufika pa chisanu choyamba cha chaka chotsatira kumauza mlimi kutalika kwa nyengo yake yolima, ndipo potero amadziwa ngati chimanga chochedwa kucha chingakhwime m'munda mwake kapena ayenera kubzala chocha msanga, tirigu kapena nsawawa. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu, choncho wodziwa sabata ya chisanu chotsiriza amawerenga chobwerera m'mbuyo nkudziwa nthawi yolowetsa nkhosa yamphongo m'khola. Chiwerengero cha masiku amene msipu unakwiririka ndicho muyeso wa udzu wofunika kusunga, ndipo masiku amene msewu unatsekeka ndiwo muyeso wa ufa, mchere ndi mankhwala a odwala matenda okhalitsa.

Alimi a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe saona chipale m'minda yawo, koma chisanu chowaula mbewu amachidziwa. Mu Juni ndi Julaye udzu umayera m'mawa ku Nyika, m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ku Tsangano ndi Angónia, ku Nyanga, ngakhalenso ku Sesheke kumadzulo kwa Zambia. Chovuta n'chakuti madimba, omwe mabanja amadalira popeza ndiwo ndi ndalama m'miyezi imeneyi, amalimidwa m'madambo, momwe mpweya wozizira umakadikha. Tomato, nyemba, mbatata ya kachewere, maungu ndi chimanga cha m'dimba zikhoza kuda usiku umodzi wokha, pomwe kabichi, repu, anyezi ndi nsawawa zimapirira.

Wolemba tsiku ndi tsiku sachedwa kuona kuti chisanu chili ndi zizindikiro. Usiku wa chiperoni, wa mitambo ndi mvula yowaza, umalowa m'mafupa koma kawirikawiri suwaula mbewu, chifukwa mitambo imasunga kutentha kwa nthaka ngati chofunda. Woopsa ndi usiku umene chiperoni changotha kumene, mphepo yaleka, ndipo nyenyezi zikuwala zonse. Pausiku wotere masamba a pansi amazizira kuposa mpweya wa pamwamba, kotero kuti themometa ikhoza kusonyeza madigiri 3 kapena 4 pamene tomato akuwauka. Mlimi woona zizindikirozi amathirira dimba masana, popeza dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma, ndipo madzulo amafunditsa mbande ndi udzu kapena masaka nkuzivundukula dzuwa likatuluka. Chaka chotsatira kope limamuuza kuti tomato apite kumtunda kwa dimba, ndipo kabichi atsike kumunsi.

Apa alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu ali ndi ntchito yosafuna ndalama zambiri. Makomo asanu a m'mudzi umodzi, lina la kudambo, lina la pakati, lina la paphiri, akamalemba mofanana, pakutha pa nyengo mudzi umakhala ndi mapu akeake a chisanu. Ana asukulu angathe kugwira ntchitoyi nkuphunzirapo masamu. Agogo afunsidwe za zaka zomwe chisanu chinavuta, ndipo mawu awo alembedwe patsamba loyamba. Nzeru zawo n'zamtengo wapatali, koma pomwe nyengo ikusintha masiku omwe iwo ankadalira akhoza kusuntha, ndipo chosunthacho chimaoneka bwino papepala. Azaumoyo akhoza kuwonjezera mzere wa ana ndi okalamba odwala chifuwa ndi chibayo, ndi kukumbutsa mabanja kuti mbaula yamakala siigona m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chisanu chimafikadi usiku anthu atagona. Komabe chimabwerera m'dambo lomwelo, pafupifupi sabata zomwezo, ndi zizindikiro zomwezo. Banja logula kope mu Epulo nkulemba mzere umodzi m'mawa uliwonse lidzafika mu Okutobala likudziwa za munda wake zimene silikanamva pawailesi iliyonse.