Pochokera ku Dar, tadzakweraniko sitima

Amalawi ambiri amene anafikako ku Dar es Salaam amakumbukira zinthu zitatu: mzere wa pa boda ya Songwe, piringupiringu wa ku Kariakoo, ndi msana umene unkapweteka atafika kunyumba. Mukawafunsa kuti pakati pa Mbeya ndi kunyanja dzikolo limaoneka bwanji, amangoti, "Aaa, tinadutsa usiku," mwinanso, "Ndinali pa foni." Sindikuwanena. Munthu wa geni amawerenga masiku, ndipo tsiku lililonse limene ali panjira ndi ndalama.

Koma sabata ino ndabwera ndi pempho. Ulendo umodzi wokha, kaya munapita kukaoda katundu, kaya kukangoona nyanja yamchere, pobwerera musakwere basi. Katundu mutumize monga mumachitira nthawi zonse, inuyo mukwere sitima ya TAZARA mpaka ku Mbeya. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 850, ndipo zonse zikayenda bwino umatenga pafupifupi maola 24. Nthawi mudzatayadi, sindikubisirani. Chimene mudzapeze ndi mapiri amene wa pa basi sawaona, chifukwa kumene njanjiyi imakwerera kulibe msewu waukulu.

Njanji imeneyi sanaimange kuti anthu azijambulirapo zithunzi. Anaimanga chifukwa zinthu zinali zitavuta. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa wake wambiri unkapita kunyanja kudzera ku Rhodesia. Mu November 1965 Ian Smith analengeza kuti dzikolo ladziimira palokha pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa, ndipo Kenneth Kaunda anaona kuti chuma cha Zambia chili m'manja mwa munthu amene angathe kutseka chipata tsiku lililonse. Iye ndi Julius Nyerere anayamba kufuna njira ina. Maiko a kuzambwe ndi World Bank anati ntchitoyo singapindule. China inavomera, n'kupereka ngongole yopanda chiwongoladzanja. Ntchito inayamba mu 1970, inatha mu 1975, ndipo mu July 1976 njanjiyo inaperekedwa kwa maboma awiriwo. Ndi yotalika makilomita 1,860, kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Anthu ankaitcha Uhuru, kutanthauza ufulu.

Nafenso inatithandiza. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, Malawi anayang'ana kumpoto, ndipo n'chifukwa chake ku Mbeya kuli Malawi Cargo Centre, kumene katundu wathu wobwera pa njanji amasamukira m'malole.

Tsono ulendowo umayenda chonchi. Sitima imanyamuka ku Dar masana, pa siteshoni yakeyake ya TAZARA, ya m'mbali mwa msewu wa Nyerere wopita ku bwalo la ndege. Musasokoneze ndi sitima yamagetsi yatsopano ija imene inayamba kupita ku Dodoma mu 2024. Imeneyo ndi njanji ina, siteshoni inanso. Maola oyambirira mumadutsa m'dera lotentha, la migwalangwa ndi mango. Kenako njanji imalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Selous, imene mbali yake yaikulu yakumpoto inasanduka Nyerere National Park mu 2019. Kukakhala kusanade, mumatha kuona akadyamsonga, mbidzi, njiri ndi nswala muli pawindo, osalipira kalikonse pageti. Usiku mumadutsa chigwa cha Kilombero, kwawo kwa mpunga ndi nzimbe, m'tsinde mwa mapiri a Udzungwa. Sitima ikaima pa Ifakara mumamva amayi akuitanira malonda mumdima.

Nkhani yeniyeni imayambira pa Mlimba. Kuyambira pamenepo mpaka pa Makambako ndi makilomita 158 okha, koma njanji imakwera mamita oposa 1,000. Pa Mlimba mumagona mutavula malaya chifukwa cha kutentha. Pa Makambako mumadzuka mukufunafuna juzi, pakuti tauniyo ili pamwamba ngati Dedza, ndipo mphepo yake ndi yodziwika.

Galimoto ikafika pa chitunda imasintha giya n'kukwera, monga mumaonera pa Chiweta. Sitima singatero. Matayala ake ndi achitsulo, akuyenda pa chitsulo chinzake, ndipo njanji ikamakwera mamita awiri okha pa mamita 100 aliwonse, injini imayamba kale kuwefuka. Ndiye omanga njanji alibe kuchitira mwina koma kuzungulira phiri, kuliboola, kapena kulumpha chigwa ndi mlatho. Pa mphanga 22 zimene anaboola pa njanji yonseyi, zambiri zili pa kachigawo kameneka. Mlatho wa pa mtsinje wa Mpanga unakhala pa nsanamira zotalika mamita pafupifupi 50. Mukasuzumira pawindo simuona nthaka, mumangoona nsonga za mitengo pansi panu. Sitima ikamakhota mumaona injini kutsogolo ikulowa m'phanga pamene bogi yanu ikadali pa mlatho. Mdima bii kwa kanthawi, phokoso la zitsulo likuchita kugunda m'makutu, kenako mbee, chigwa china, nkhungu ili m'munsi ngati thonje.

Mukamaona zimenezi kumbukirani kuti zambiri zinakumbidwa ndi anthu. Ogwira ntchito zikwizikwi a ku Tanzania, Zambia ndi China anagona m'misasa m'mapiri amenewa, m'dera la matope ndi malungo. Oposa 160 anamwalira pa ntchitoyi, ndipo oposa 60 mwa iwo anali ochokera ku China. Ena manda awo ali ku Gongo la Mboto, kunja kwa mzinda wa Dar. Ambiri anali achinyamata a msinkhu wanu womwewu.

Apa pali chinthu choseketsa. Pa ndondomeko yake, sitima yochokera ku Dar imayamba kukwera mapiriwa usiku, ndipo mbandakucha umakupezani mutatsala pang'ono kumaliza. Koma TAZARA imadziwika ndi kuchedwa. Injini ndi zochepa komanso zakale, ndipo malo ena njanji inatopa moti woyendetsa amayenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Ndiye ikachedwa ndi maola anayi kapena asanu, mphanga ndi milatho ija mumaiona dzuwa likuswa mtengo. Chimene wa changu akutukwana nacho, wokaona mapiri akuthokoza nacho. Ndi maulendo ochepa kwambiri amene kuchedwa kumakuwonjezerani phindu la tikiti.

Mukadutsa Makambako dziko limatambasuka. Kudzanja lamanja kuli chigwa cha Usangu, chimene maso safika kumapeto kwake. Kumanzere kuli mapiri a Kipengere, amene kuseri kwake amakatsetserekera ku nyanja yathu ya Malawi. Kenako njanji imakweranso mpaka pa Uyole, mamita 1,789 pamwamba pa nyanja, pomwe ndi pamalo okwera kwambiri pa njanji yonse. Kuchoka apo mwafika ku Mbeya.

Za m'kati mwa sitimamo ndinene mosabisa, kuti musadzati ndinakunamizani. Si hotela. Kalasi yoyamba ili ndi tizipinda ta mabedi anayi, yachiwiri ta mabedi asanu ndi limodzi, ndipo kuli mabogi a mipando yokhayokha amene ndi otsika mtengo. Pa ulendo wa usiku ngati umenewu, limbikirani ya bedi. Amuna amagona kwaokha, akazi kwaokha, pokhapokha mutalipira kachipinda konse. Ndiye amene mwangokwatirana kumene, kapena mukuyenda ndi ana, funsani zimenezi pogula tikiti, osati mutakwera kale. Muli bogi yodyeramo, mmene mumapeza nsima (iwo amati ugali), mpunga, nkhuku, nyama ndi tchipisi. Zimbudzi n'zachikale, ndipo madzi amatha kutha ulendo usanathe.

Tengani madzi akumwa okwanira, pepala la kuchimbudzi, sopo, kathochi, juzi ndi chitenje. Tengani power bank, chifukwa masoketi sadalirika. Ndalama ikhale ya mashilingi, yosinthasintha, yogulira nthochi, chimanga chootcha ndi mazira pa masiteshoni. Usiku tsekani windo ndi chitseko, foni ndi pasipoti zigone nanu limodzi. Pojambula gwirani foni ndi manja awiri, ndipo musatulutse mutu sitima ikamayandikira phanga kapena mlatho. Tikiti ya kalasi yogona gulani masiku angapo ulendo usanafike, ndipo mufunsiretu tsiku limene sitima inyamuke, popeza siyenda tsiku lililonse. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Netiweki idzasowa kwa maola ambiri m'mapirimo. Auzeni a kunyumba musananyamuke, kuti amayi asayambe kuimbira abale onse poganiza kuti mwasochera. Poyamba dzanja limangopita lokha m'thumba kukafuna foni. Pakapita kanthawi limatopa, ndipo mumayamba kuona amene mwakhala nawo. M'kachipinda ka anthu anayi simungakhale chete usiku wonse. Mumapezamo mayi wa geni wa ku Nakonde, mwana wa sukulu wobwerera kwawo, mzungu wa chikwama kumsana. Wa ku Zambia mukamulankhula Chichewa nthawi zambiri amakuyankhani m'Chinyanja, n'kuyamba kusekana katchulidwe. Wina amatulutsa mtedza, wina malalanje. Pofika m'mawa mwadziwa mtengo wa mpunga ku Ifakara ndi mavuto a sukulu fizi m'maiko atatu. Pa basi aliyense amayang'ana nkhongo ya mnzake. M'sitima mumayang'anana nkhope.

Si aliyense amene ndikumuuza kuti akwere. Ngati Lolemba muli ndi intavyu, mayeso kapena ukwati, kwerani basi. Ngati mwatenga ngongole ya katapila yoti mubweze Lachisanu, kwerani basi. Ngati muli ndi wodwala wofunika chipatala pafupi, musayerekeze. Sitimayi imafuna munthu amene wasiya tsiku limodzi lapadera lopanda pulogalamu. Ndipo msewu nawo uli ndi zake: umadutsa m'nkhalango ya Mikumi ndi pa chitunda cha Kitonga. Popita yendani wa pamsewuwo, kuti pobwera muone mbali inayo.

Koma ngati tsikulo muli nalo, musalisunge mpaka mudzapume pa ntchito. Ambirife tinakula tikuona sitima ngati chinthu chonyamula malasha ndi feteleza, chimene timadikira kuti chidutse kuti ife tiwoloke. Timaonera pa TikTok sitima za ku Switzerland zikudutsa m'mapiri a chipale, n'kumati zimenezo n'za eni ndalama. Chikhalirecho ina ili kuseri kwa Karonga, yosafuna viza kwa wa pasipoti ya Malawi, yosafunanso ndege. Ndipo sidzakhala chonchi mpaka kale. Mu September 2024 atsogoleri a Tanzania, Zambia ndi China anachitira umboni mgwirizano ku Beijing woti njanjiyi ikonzedwenso. Zimenezo n'zabwino kwa alimi ndi a malonda amene amaidalira, ndipo ndi iwo amene ayenera kuganiziridwa poyamba. Kungoti sitima ikadzayamba kusunga nthawi, mapiri a pakati pa Mlimba ndi Makambako adzabwereranso mumdima.

Mukatsika pa Mbeya ulendo sunathe kukoma. Minibasi yopita ku boda imakwera kudutsa Tukuyu, m'munsi mwa phiri la Rungwe, pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, kenako n'kutsetserekera ku Kasumulu. Mukawoloka mlatho wa Songwe mwalowa kwanu, ndipo Karonga ali pamtunda wosakwana makilomita 50. Owerenga a ku Zambia, inu khalanibe m'sitimamo: mudzawoloka pa Tunduma kulowa Nakonde, kudutsa Kasama, mtsinje wa Chambeshi, Mpika ndi Serenje, mpaka ku Kapiri Mposhi, masiku awiri athunthu kapena kuposerapo chinyamukire ku Dar.

Amene mukukonza ulendo wa ku Dar chaka chino, tsegulani kalendala ya m'foniyo tsopano, muwonjezere tsiku limodzi pa masiku obwerera. Ndipo ndalama ya juzi muyiike pa bajeti, chifukwa mphepo ya pa Makambako simva zoti munachokera kunyanja.